p63 ya pa lipoti la bambo ndi CKAP4 ija ya khansa?

FUNSO: Akonzi, bambo anga anawachotsa kanyama ku prostate kuti akakapime ku labu, nde lipoti latuluka ndipo pena pake palembedwa kuti p63 positive. Ine kusakasaka pa Google ndapeza jini ina yake CKAP4, akuti dzina lake lina ndi p63 ndipo imakulitsa khansa, moti tulo sindikuliona ndipo bambowo sindinawauze kanthu. Kodi ndekuti jini imeneyi ali nayo? Nanga ife ana awo tingatengere? Ndine mwana wawo wamkazi.

YANKHO: Achemwali, mtima m'malo kaye. CKAP4 yo bambo ali nayo inde, komanso inu muli nayo, ine ndili nayo, dokotala amene analemba lipotiyo nayenso ali nayo, munthu aliyense amabadwa nayo basi. Ndipo p63 imene yalembedwa pa lipotipo si imeneyo ayi, Google yangokusokonezani chifukwa mapuloteni awiri osiyana anapatsidwa dzina limodzi potengera kulemera kwawo komwe ndi pafupifupi 63 kDa (kDa ndi muyezo wa kulemera kwa mapuloteni).

Ya pa lipoti imachokera ku jini ya TP63 yomwe ili pa chromosome 3. A ku labu amathira mankhwala opaka mtundu pa kanyama kaja kuti aone ngati maselo ena otchedwa basal cells alipobe, maselo amenewa ndi omwe amakhala ndi p63 yo, amazungulira timatumba ta mu prostate yabwinobwino ndipo pamalo pomwe pali khansa nthawi zambiri sapezeka. Ndiye mukuona, ku prostate mawu oti p63 positive, kutanthauza kuti maselo aja apezeka, kawirikawiri amapendekera ku nkhani yabwino, kungoti ife anthu tikangoona positive papepala la kuchipatala miyendo imayamba kunjenjemera. Koma musathamange kukalengeza kuti zonse zili bwino, kanyama kamodzi kakhoza kukhala ndi malo ena abwino ena ayi, chiganizo chenicheni chili pa mzere wolembedwa diagnosis kapena conclusion ndipo woyenera kukumasulirani ndi dokotala wa bambo.

Tsopano CKAP4 yo poti mwaitchula. Ili pa chromosome 12 ndipo puloteni yake ili ndi ma amino acid (tizidutswa tomangira puloteni) 602, anaifotokoza koyamba mu 1993 Anja Schweizer, Hans-Peter Hauri ndi anzawo, ena amaitchula CLIMP-63. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ilibe nazo za khansa nkomwe. Selo si kathumba kamadzi chabe, mkati mwake muli timachubu tolimba totchedwa microtubules tokhuthala ma nanometer 25 okha (milimita imodzi ili ndi ma nanometer miliyoni imodzi), tomwe timathandiza selo kusunga maonekedwe ake komanso ndi momwe katundu amayenda kuchoka uku kupita uko. Mulinso nembanemba yopindikapindika yotchedwa endoplasmic reticulum, mmenemo ndi momwe mapuloteni ambiri opita kunja kwa selo amakonzedwa. CKAP4 yabaya nembanemba imeneyi n'kutulukira mbali zonse, kachidutswa kafupi kali panja kagwira timachubu tija, chidutswa chachitali chili mkati ndipo chimalumikizana ndi chinzake chochokera khoma la tsidya linalo kuti makoma awiriwo asaphwatalale n'kugundana. Ili ngati chingwe ndi mtengo wa tenti nthawi imodzi, kukoka panja kuchirikiza mkati. Ofufuza ataichepetsa m'maselo anaona mpata wa pakati pa makomawo ukuchepa kuchoka pa ma nanometer pafupifupi 50 kufika cha m'ma 30, ine zimandidabwitsabe kuti anthu amatha kuyeza tinthu totere.

Nanga za khansazo zikuchokera kuti? Pang'ono pa puloteniyi sipakhala mkatimo, pamakafika pa khungu la selo kunja, ndipo kumeneko imalandira mauthenga. Mu 2016 gulu la Akira Kikuchi la pa Osaka University ku Japan linaonetsa kuti puloteni ina dzina lake DKK1 ikamatirira pa CKAP4 imayatsa njira ya mauthenga ya mapuloteni otchedwa PI3K ndi AKT yomwe imauza selo kuti ligawikane, ndipo pa odwala khansa ya pancreas ndi ya m'mapapo omwe zotupa zawo zinali ndi ziwirizi zambiri matenda amakhala ovutirapo. Atayesa ma antibody (mapuloteni a chitetezo cha m'thupi) otchinga CKAP4 pa mbewa zotupa zinachepa kukula. Pa mbewa, achemwali, mawu amenewa anthu ogawana nkhani pa intaneti amakonda kuwadumpha dala. Komanso nkhani yake siyoyenda mbali imodzi, kafukufuku wina wa khansa ya chiwindi anapeza kuti CKAP4 imachita kubweza chotupa m'mbuyo. 

Pa funso lotengera, zimene ofufuzawo ankaona ndi kuchuluka kwa puloteniyi m'maselo a chotupa, sikuti ndi chilema choti bambo amapatsira ana, ndiye musavutike kufunafuna kokayezetsa CKAP4. Ngati lipoti litadzanena kuti ndi khansa ya prostate, amene ayenera kutchera khutu ndi alongo anu ndi azichimwene a bambo chifukwa mwamuna amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwalapo amakhala pa chiopsezo chokulirapo. Inuyo zingakukhudzeni ngati pamtundu panu pakhala pakupezekanso khansa ya m'mawere kapena ya ovary, pamenepo madokotala amaganizira majini a BRCA1 ndi BRCA2, omwe akakhala ndi chilema amakweza chiopsezo cha khansa zimenezi pamtundu, nde mukamapita ndi bambo kukamva zotsatira mutenge lipoti lonse osati tsamba limodzi, ndipo muwauze adokotala achibale onse amene anadwalapo khansa ndi zaka zomwe anali nazo pomwe inkapezeka.