Mafuta andiyeretsa, koma ndikasiya nkhope ikutentha: yankho kwa mayi wina

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anagula mafuta pamsika kuti achotse zipsera za ziphuphu. Pabotolo anajambulapo karoti, n'kulemba kuti ndi achilengedwe. Pasanathe masabata awiri nkhope inayera mbee, anzawo kuntchito n'kumawafunsa chinsinsi. Koma pano akangodumphitsa masiku angapo osadzola, nkhope imafiira, kuyabwa ndi kutentha. Afunsa kuti: "Kodi vuto ndi mafutawa, kapena khungu langa ndi lovuta?"

Achemwali, khungu lanu lilibe mlandu. Karoti sayeretsa munthu m'masabata awiri. Mafuta akamagwira ntchito mothamanga chonchi, kawirikawiri mumakhala steroid, hydroquinone kapena mercury, ndipo opanga ena salemba n'komwe kuti aikamo.

Zimene mwafotokozazi zikundipangitsa kukayikira steroid, monga clobetasol kapena betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni, amene adokotala amapereka kwa nthawi yochepa pa matenda ena apakhungu. Amafinya timitsempha ta magazi, ndiye nkhope imaoneka yowala msanga. Koma mukadzola miyezi, khungu limapyapyala, timitsempha tofiira timayamba kuonekera m'masaya, m'khwapa ndi m'ntchafu mumatuluka mizere yong'ambika, zipere zimafalikira mosavuta. Ziphuphu zomwe mumathamangitsa zija zimabweranso ndi abale awo. Choipitsitsa n'chakuti khungu limazolowera. Mukasiya limalusa, inu n'kuthamangira kukagula botolo lina, wogulitsa n'kumati mafuta ake ndi abwino chifukwa makasitomala sasiya kubwera. Amene amadzola thupi lonse kwa nthawi yaitali, mankhwalawa amalowa m'magazi ndipo angathe kukweza BP ndi shuga.

Hydroquinone imachepetsa mphamvu ya khungu yopanga mtundu wake wakuda. Ikadzoledwa zaka, makamaka munthu akamayenda padzuwa, imabweretsa nthenda yotchedwa ochronosis: zigamba zakuda bii, zokhakhala, pamasaya ndi pamphumi, zovuta kwambiri kuchiza. Madokotala a ku South Africa analemba za nthendayi mu 1975 ataona amayi ambiri akuda akuonongeka nkhope, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Mayiko a European Union anailetsa mu 2001.

Mercury ndiye amandiopsa kuposa zonsezi, chifukwa sathera pankhope. Amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amafika kwa mwana ali m'mimba, amadutsanso mu mkaka wa m'mawere. Ngakhale mwana wopukutira thawulo lanu angathe kumutenga. Pangano la mayiko lolimbana ndi mercury, la mu 2013, limatchedwa dzina la Minamata, tauni ya ku Japan kumene anthu analumala ndi kufa m'zaka za m'ma 1950 atadya nsomba za m'madzi omwe fakitale inkatayiramo mercury. Panganoli linkalola miligalamu 1 pa kilogalamu ya zodzoladzola, koma mu 2023 mayiko anagwirizana zoletseratu. Pabotolo mercury amabisala m'mayina ngati calomel kapena mercurous chloride.

Nanga mutani? Musangotaya botololo lero n'kukhala. Ngati mulidi steroid ndipo mwadzola nthawi yaitali, kusiya mwadzidzidzi kungayambitse moto umene mwauona kalewo, mwinanso woposa. Pitani nalo kuchipatala, makamaka kumene kuli dokotala wa khungu, mukanene zoona zake: munayamba liti, mumadzola kangati, mbali ziti za thupi. Osachita manyazi, anaona ambiri. Iwo ndi amene angakuuzeni mochepetsera pang'onopang'ono. Ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, nenani zimenezo poyambirira.

Pogula mafuta ena, siyani kuyang'ana chithunzi cha kutsogolo. Tembenuzani botolo muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Kukakhala kulibe mndandanda wa zimene aikamo, dzina la kampani kapena tsiku lothera mphamvu, abwezeni pashelefu. Aja osakanizasakaniza, othiridwa m'timabotolo topanda dzina, ndiye musawayandikire, poti ngakhale wogulitsayo sadziwa muyeso wa zomwe wathiramo.

Za zipsera zija, zambiri zimazimiririka zokha pakapita miyezi, bola musamafinye ziphuphu ndipo muziteteza nkhope ku dzuwa ndi chipewa, ambulera kapena sunscreen. Ziphuphuzo zili ndi mankhwala ake, mukafunsirenso komweko kuchipatala.