Filimu ikhoza kuphunzitsa za malonda a pakati pa mayiko

Aphunzitsi, filimu imathandiza ndithu, koma musaionetse yonse nthawi imodzi. Idulenidule m'zigawo za mphindi 10 kapena 15, muziimitsa kuti ophunzira akambirane m'magulu.

Ine kuno ku Kasungu ndimaonetsa filimu yotchedwa American Factory ya mu 2019 kwa ana a Fomu 3 ndi 4. Ikukamba za kampani ya ku China, Fuyao, yomwe inatsegula fakitale ya magalasi a galimoto ku Ohio, m'dziko la America, pamalo pomwe kampani yopanga magalimoto ya General Motors inatseka fakitale yake mu 2008. Mabwana ochokera ku China akufuna ntchito iziyenda mwachangu popanda kuwiringula, pomwe antchito a ku America akudandaula za malipiro ndi ngozi za pantchito, mpaka ena kufuna bungwe lowayankhulira. Palibe mbali yomwe ili yoipa kotheratu, n'chifukwa chake mtsutso wake umakoma.

Koma phunziro limalowa bwino mukaibweretsa nkhaniyo kwathu kuno. Ana athu ambiri makolo awo amagulitsa fodya ku Chinkhoma. Afunseni kuti amagula ndani, bwanji mtengo umatchulidwa m'madola, nanga fodyayo amakathera dziko liti. Ngakhale mwana wamanyazi amakweza dzanja, poti ndi nkhani ya pakhomo pawo.

Chingerezi cha mufilimuyi n'chothamanga, choncho yatsani mawu olembedwa m'munsi. Muyambenso mwaionera nokha, muli mawu ena otukwana ofunika kuwadumpha.

Ngati mukufuna kuionetsa kuholo kapena kulipiritsa pakhomo, yambani mwafunsa a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, za chilolezo, ndipo ahedi anu adziwe.