Kodi pakufunika lamulo kuti sukulu ziziphunzitsa kapewedwe ka kudzipha?

FUNSO: Ndimaphunzitsa Life Skills pa sekondale ina ku Area 25. Ndinamva kuti kunja kuli malamulo okakamiza sukulu kuphunzitsa za matenda ovutika maganizo ndi kapewedwe ka kudzipha. Ahedi athu akukana, akuti kukamba zimenezi n'kupatsa ana nzeru zoipa. Kodi malamulowa amathandizadi? Nanga ndingayambe bwanji?
Mphunzitsi, Lilongwe

YANKHO: Aphunzitsi, malamulowo alipodi. Ku America, dera la Tennessee linakhazikitsa Jason Flatt Act mu 2007, lamulo loti mphunzitsi aliyense aziphunzira maola 2 pachaka za mmene angazindikirire mwana amene akuganiza zodzipha, ndipo madera ena anatengera. Kwathu kuno tinachokera kwina. Kwa zaka zambirimbiri nkhani za matenda a maganizo zinkayendera Mental Treatment Act ya 1948, ya nthawi ya atsamunda, ndipo ndime 229 ya Penal Code inaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu. Kholo loopa apolisi limabisa mwana m'malo mothamangira naye kuchipatala.

Ahedi musakangane nawo, awonetseni umboni. Kafukufuku wa SEYLE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anatsatira ana pafupifupi 11,000 m'sukulu 168 za mayiko 10 a ku Ulaya. Ana amene anaphunzitsidwa nkhaniyi mwachindunji kwa maola 5 pa masabata 4, kudzera m'zokambirana ndi timasewero, patatha chaka chiwerengero cha oyesa kudzipha pakati pawo chinali pafupifupi theka la cha anzawo osaphunzira. Koma kumene aphunzitsi okha ndi amene anaphunzitsidwa, kusintha sikunaoneke kwenikweni. N'chifukwa chake ife timaona kuti lamulo longotumiza aphunzitsi ku wekishopu n'loperewera. Lizifika kwa mwana, litchule amene ali ndi udindowu pasukulu, ndiponso kumene mwana wopezeka ndi vuto adzapite.

Komabe ahediwo pena akunena zoona. Chimene chimawononga ndi kakambidwe. Mwana akamwalira, sukulu zina zimaitana asembule, n'kufotokoza mmene wadziphera, n'kunena kuti "wachita zimenezi chifukwa cholephera mayeso". Wina amene ali pamzere pomwepo, naye walephera ndipo fizi yamuvuta, amamva ngati amulozera njira. Musatchule njira, musaipereke imfayo chifukwa chimodzi, musaitamande kapena kuinyoza.

Poyamba, musanalowe n'komwe m'kalasi, konzani kotumiza ana. Pitani ku helefi senta yapafupi mukadziwane ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Muno mu Lilongwe thandizoli likupezeka ku Bwaila ndi ku St John of God, ndipo nambala yaulere yothandiza ana ndi 116. Kutsegula nkhaniyi mulibe kopita nawo ana n'kuwasiya padzuwa. Komiti ya makolo ndi amayi a mother group adziwiretu.

Phunzirolo lichitikire m'kalasi, osati pabwalo. Kalasi ikakhala yodzaza, agaweni m'timagulu ta ana 8 mpaka 10, muwapatse nkhani yongopeka: mnzanu wasiya kubwera kumpira, wakupatsani foni yake ndi kope la notsi, akuti "sindidzazifunanso". Mutani? Asewere okha mayankho. Mwana wovutika kawirikawiri amayamba wauza mnzake, osati inu, choncho mnzakeyo adziwe kuti chinsinsi chotere sichisungidwa.

Zizindikiro zoti muziyang'ana ndi kukhumudwa kapena kukwiyakwiya pafupifupi tsiku lonse kwa masabata 2 kapena kuposerapo, kusasangalalanso ndi zimene ankakonda, kusowa tulo kapena kungogona, kusadya, malikisi kutsika mwadzidzidzi, ndi mawu onga "bola kufa". Ambiri otere timawalemba kuti ndi aulesi n'kuwapatsa chibalo chotchetcha udzu. Khalani tcheru makamaka zotsatira za MSCE zikatuluka, mtsikana akapezeka ndi mimba, kapena mnyamata akadyera fizi kubetcha.

Mukakayikira, muitaneni poduka mphepo, osati mu sitafu rumu muli anzanu. Funsani mosazungulira: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Funso lakuti "sungachite zopusa, eti?" limamuuza yankho limene mukufuna, ndipo adzakupatsani lomwelo. Akavomera, musamulalikire kapena kumuopseza ndi polisi, ndipo asakhale yekha. Itanani makolo tsiku lomwelo, muwauze atsekere mankhwala a m'munda, ophera makoswe ndi mapiritsi onse, chifukwa maganizowa nthawi zambiri amakula kwa kanthawi n'kutsika. Ngati gwero ndi nkhanza za kunyumba komweko, musayambire kwa makolo. Imbani 116 kapena pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Akakhala kuti wamwa kale chinthu, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Tengani botololo, muthamangire naye kuchipatala.