Mayi ofunsa za nyenyezi zopinda za Khirisimasi, mpira wathovu uja si wofunika

Mayi, mwafunsa ngati mungapange zokongoletsa za nsalu zopindapinda zomwe mwaona pazithunzi, pomwe mulibe makina osokera komanso mipira yoyera yathovu ija, yomwe amabayirapo nsaluzo ndi mapini, simukuipeza kumsika kwanu. Mungathe ndithu. Ine ndinganene kuti mpirawo muuiwale kaye. Umadya mapini ochuluka, pafupifupi 200 pa mpira umodzi, ndipo m'nyumba momwe muli ana okwawa chinthu chodzaza mapini sichindisangalatsa. Nyenyezi yomweyo imatheka yafulati, ndi singano ndi ulusi basi. Ku England kapindidwe kameneka amakatcha Somerset patchwork, ndipo amapangiranso zoikapo miphika yotentha ndi zivundikiro za makushoni.

Chimene chimapangitsa kuti ntchitoyi ituluke bwino kapena iwonongeke ndi nsalu ndi simbi. Pitani kwa atelala apafupi mukapemphe zidutswa zotsala, nyengo ino akusoka zovala za zikondwerero ndiye zimachita kuunjikana pansi pa makina. Koma musangotola zilizonse. Fufuzani zathonje, chifukwa thonje mukalisita mpindo wake umakhala pomwepo. Zitenje zoterera zija za poliyesitala zimabwerera mukangochotsa chala, ndipo simbi ikatentha kwambiri zimasungunuka. Ngati mukukayika, sololani ulusi pang'ono m'mphepete muuyatse ndi machesi panja: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pomwe poliyesitala imakwinyika n'kusiya kambulu kolimba.

Nsalu ikakhala yofewa kwambiri iumitseni ndi sitachi. Supuni imodzi yaikulu ya ufa wosalala wa chinangwa m'makapu awiri a madzi, muwiritse mukutakasa mpaka aoneke mbee, azizire, muviike nsaluyo, muyanike, ndipo muisite isanaumiretu. Simbi yamakala imagwira bwinobwino, kungoti muziyala kansalu koyera pamwamba kuti phulusa lisadetse.

Tsopano kudula. Pa nyenyezi imodzi mufunika tizidutswa 20 ta mbali zinayi zofanana, masentimita 6 mbali iliyonse: 4 ta mtundu woyamba, 8 ta wachiwiri, 8 ta wachitatu. Dulani kakatoni ka muyeso umenewu kuti muzilembererapo, musamayeze ndi maso. Pa mitundu ndiye pamene ambiri amaphonya. Chitenje chathu chili ndi maluwa akuluakulu, ndipo mukasanjikiza zitenje zitatu zamaluwa nyenyeziyo imasowa, mumangoona piringupiringu. Ikani nsalu yopanda maluwa pakati pa ziwiri zamaluwa, kapena yowala itsatane ndi yakuda. Chofiira, choyera, kenako chitenje chobiriwira zimagwirizana kwambiri. Ngakhale shati yoyera yakale ya sukulu imathandiza pa mzere wapakatiwo.

Kapindidwe ndi kamodzi kokha pa tizidutswa tonse. Pindani kachidutswa pakati, kunja kwa nsalu kuoneke kunja, musite. Kenako tengani ngodya ziwiri za mbali yopindidwayo, muzitsitse zikakumane pakati pa mbali yotseguka ija. Mupeza kanthu ka ngodya zitatu ngati samusa, kokhala ndi kamzere pakati. Sitaninso mwamphamvu, nsonga ikhale yakuthwa. Pindani tonse 20 musanagwire singano. Gawo limeneli ndi lotopetsa, koma mukalithamangira nsonga zimatuluka zobuntha ndipo palibenso chokonza pambuyo pake.

Poyalapo pake dulani nsalu ina iliyonse yolimbirako, masentimita 12 mbali zonse. Ipindeni pakati, pakatinso, kenako chopingasa, n'kusita, kuti mukaitambasula muone mizere 8 yochokera pakatikati. Mizere imeneyi ndiyo ikutsogolereni. Yalani tinayi toyamba tija nsonga zake zikumane pakatikati penipeni, kamzere ka kalikonse kagone pa mzere wa pansi. Sokani nsonga iliyonse ndi kamsoko kamodzi kakang'ono kobisika m'kamzere kaja, ndipo m'munsi mwake mungodutsitsa ulusi kuti tisasunthe.

Mzere wachiwiri, nsonga zikhale sentimita imodzi kuchokera pakati. Yambani ndi tinayi pamwamba pa toyamba tija, kenako tinayi tina pa mizere yopingasa. Apa ndi pamene nyenyezi ya nsonga 8 imaonekera koyamba, ndipo kunena zoona mtima umachita kuti myaa. Wachitatu chimodzimodzi, nsonga zitsike sentimita inanso. Yezani ndi rula nsonga iliyonse. Imodzi ikangotsika kuposa zinzake diso limathamangira pomwepo.

Mukamaliza, vundikirani kapu yaikulu ya tiyi pamwamba, ya pakamwa pa masentimita 9 kapena kuyandikira apo, mulembe mozungulira n'kudula. Kumbuyo ikani kakatoni kozungulira, ka bokosi la sopo kapena la tiyi kamakwana, mukakute ndi nsalu. M'mphepete zunguzani kansalu kodulidwa mopingasa ulusi kuti kazipindika bwino, mukasokerere ndi manja, ndipo musaiwale kulowetsa kachingwe kopachikira musanatseke. Pakati mukhoza kusokerapo mkanda umodzi kapena batani laling'ono. Guluu ine sindimukonda pa ntchito imeneyi, amadutsa pansalu n'kusiya banga, komanso ndi chinyontho cha mvula ya Disembala amamatuka.

Tizidutswa tating'ono totsala musataye, apatseni ana. Adule tozungulira ndi pakamwa pa tambula, asoke msoko woyenda m'mphepete monse, akoke ulusi mpaka kakwinyike ngati duwa, amange. Akapanga tambiri muwatungire pa chingwe chimodzi chopachika pakhomo kapena pawindo. Mwana wa zaka 8 amatha, bola wamkulu akhale pafupi chifukwa cha singano.

Za mtengo wopachikapo nyenyezizi musavutike nazo mtima. Nthambi ya paini kapena nthambi youma yabwino yoimika m'chitini cha mchenga imanyamula nyenyezi zimenezi popanda vuto chifukwa ndi zopepuka. Chimene ndikupemphani ndi chakuti ziikidwe kutali ndi kandulo. Magetsi akazima timayatsa kandulo paliponse pomwe tafikira, ndipo nsalu ya thonje youma sichedwa kugwira moto.

Yoyamba ikutengerani madzulo athunthu, zotsatira zimafulumira, ndiye yambani msanga osadikira sabata ya Khirisimasi. Zikondwerero zikatha muziyanike padzuwa tsiku limodzi kuti chinyontho chichoke, kenako muzisunge m'chitini chotseka bwino, chifukwa sitachi ya chinangwa imaitana mphemvu ndipo ikanyowa imachita nkhungu. Ngati pena pakukanikani, makamaka pa mzere wachiwiri, jambulani muike pompano tione limodzi pomwe pakhota.