Akuti ku India akawabaya ma stem cells abambo adzayendanso. Tigulitse malo?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Abambo ake anadwala sitiroko miyezi isanu yapitayo, mkono ndi mwendo wa kumanja sizikugwira, ndipo mawu akutuluka movutikira. Pa WhatsApp wina wawatumizira kanema wa chipatala china cha ku India chimene chikuti chimabaya ma stem cells ubongo n'kuphukanso. Abale agwirizana zogulitsa malo. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Mayi, malowo musagulitse. Koma sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti nkhani yonse ya ma stem cells ndi bodza, chifukwa si bodza, ndipo pamenepo ndi pamene ogulitsawa amadyerapo.

Ma stem cells ndi maselo amene sanasankhe ntchito, ndipo angathe kusanduka maselo a mitundu ina. Mu 2006 wasayansi Shinya Yamanaka wa ku Kyoto, ku Japan, anaonetsa kuti selo wamba la pakhungu la mbewa likhoza kubwezedwa kuubwana poliikamo majini (timalangizo touza selo zochita) anayi okha. Mu 2007 zinatheka ndi maselo a munthu, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel. Kumene njirayi yafika patali pa za ubongo ndi pa matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja. Chifukwa chake n'chomveka. Mu Parkinson mumafa mtundu umodzi wa maselo, opanga dopamine, mankhwala a mu ubongo othandiza kuyendetsa bwino thupi, ndipo malo amene dopamine akusowa amadziwika, kachigawo ka ubongo kotchedwa putamen. Madokotala amaboola chigaza, amalowetsa singano yaitali motsogozedwa ndi zithunzi za sikani, n'kuika maselowo pomwepo. Ku Kyoto anayamba mu 2018, anachitira odwala 7, aliyense maselo pakati pa 5 ndi 10 miliyoni. Zotsatira zinatuluka mu 2025: pa zaka ziwiri palibe amene anatuluka chotupa, ndipo maselowo ankapangadi dopamine. Ku America kafukufuku wina wa odwala 12 anapezanso zolimbikitsa. Taonani manambalawo. Anthu 7, anthu 12, patapita zaka pafupifupi 20 za ntchito.

Sitiroko ndi nkhani ina. Mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse. Safa a mtundu umodzi ayi. Amafa amitundumitundu, pamodzi ndi maselo owasamalira ndi timitsempha ta magazi towadyetsa. Pamalopo pamatsala mphako yodzaza madzi, yozunguliridwa ndi chipsera. Selo latsopano mukaliika m'mphakomo lilibe pogwira, lilibe magazi. Likapulumuka, liyenera kumera ulusi wake kuchokera pamwamba pa ubongo, kutsika, kuwolokera mbali ina, mpaka kukapeza selo lenileni la m'msana limene limayendetsa chala. Njira imeneyi thupi linaiyala munthu ali m'mimba mwa mayi ake. Palibe amene waonetsa kuti angathe kuiyalanso mwa munthu wamkulu.

Anayesa, ndipo anayesa moyenera. Kampani ya SanBio inaika maselo ake m'ubongo wa odwala sitiroko yakale, koma mu 2019 kafukufuku wake wamkulu sanaonetse kusiyana ndi amene sanalandire. Maselo a MultiStem, oikidwa pa diripi sitiroko ikangochitika, analepheranso ku Japan mu 2022. Dziko la Japan linapereka chilolezo cha kanthawi kwa maselo a SanBio aja mu 2024, koma cha ovulala m'mutu pangozi, osati sitiroko.

Tsono chipatala cha mu kanemayo chimachita chiyani? Kawirikawiri amapopa mafuta a m'mafupa a m'chiuno, kapena amatenga maselo a mchombo wa khanda, n'kuwabaya pa diripi kapena pamsana. A pa diripi ambiri amakodwa m'mapapo, ubongo saufika n'komwe. Kenako wodwala amachita mafizo tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena itatu, n'kumujambula akukweza mkono. Mkonowo waukweza ndi mafizo, komanso ubongo umene umadzikonza wokha kwambiri pa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba. Jakisoni amangotenga ulemu wa ntchito ya ena. Chikomekome cha mkuyu. Ndipo ku India komweko malangizo a mu 2017 a ICMR, bungwe la boma loona za kafukufuku wa zaumoyo, amanena kuti kupatula kuika mafuta a m'mafupa pa matenda ena a magazi, ma stem cells sayenera kuperekedwa kunja kwa kafukufuku wovomerezeka.

Kukanakhala kungotaya ndalama, bwenzi ndikulemba mofatsa. Koma selo lotha kuchulukana silifunsa chilolezo. Mu 2009 madokotala a ku Israel analemba za mnyamata amene anamubaya maselo a ana osabadwa ku Moscow. Patapita zaka zinayi anamupeza ndi zotupa m'ubongo ndi m'msana, ndipo atapima anaona kuti chotupacho chinachokera ku maselo a anthu ena osachepera awiri. Mu 2016 madokotala a ku Boston analemba za bambo wa zaka 66, wodwala sitiroko ngati abambo anu, amene anakabayitsa ku China, Argentina ndi Mexico. Anayamba kumva ululu wa msana, miyendo inafa, mkodzo unkangotuluka wokha. M'msana mwake munamera chotupa cha maselo osakhala ake. Mankhwala akumwa akakupwetekani mumasiya. Maselo akalowa, palibe angawatulutse.

Ngakhale kafukufuku weniweni ali ndi minga yake, ndipo amene amaibisa ndimawakayikira. Ku America, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2001, odwala Parkinson 40 anagawidwa pawiri. Ena anaikidwa maselo ochokera ku mimba zochotsedwa, ena anangobooledwa chigaza osaikidwa kanthu, kuti pakhale poyerekeza. Mungati nkhanza, koma popanda gulu lachiwirilo sitikanadziwa kuti ena oboola chabe ankanenanso kuti akupeza bwino. Mwa olandira maselo, pafupifupi 15 pa 100 anayamba kugwedezeka thupi mosaletseka ngakhale atachepetsa mankhwala. Palinso mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus, amene wodwala amamwa chaka kapena kupitirira kuti thupi lisakane maselo achilendo. Kuno kwathu kumene TB ili ponseponse, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Ndiye pali ichi chimene m'kalata yanu mulibe. Mwati abale agwirizana. Nanga abambo? Sitiroko ya kumanzere kwa ubongo, imene imafoola mbali ya kumanja ya thupi ngati ya abambo anu, imalanda mawu, koma nthawi zambiri nzeru zimakhalapo. Ambiri amamva ndithu zokambidwa pamutu pawo, kulephera kuyankha kokha. Msana ndi wawo, malo ndi awo. Afunseni pang'onopang'ono, mafunso a inde kapena ayi, aloze ndi chala. Ine ndimaona kuti banja limene lasaina m'malo mwa munthu amene akanatha kukana lamulakwira, ngakhale litachita chifukwa cha chikondi.

Nanga muchite chiyani?

Chipatalacho chifunseni zinayi, ayankhe polemba: maselowo ndi amtundu wanji ndipo achokera kwa ndani, ndi bungwe liti la boma lavomereza pa sitiroko, zotsatira zoyerekeza ndi osalandira zinasindikizidwa kuti, ndipo chotupa chikamera adzalipira ndani. Akakuonetsani nambala ya pa ClinicalTrials.gov, tsamba la pa intaneti lolembetserapo kafukufuku wa zamankhwala, musakomedwe, kulembetsa pamenepo si chilolezo. Kafukufuku weniweni salipiritsa wodwala maselowo.

Ndalama zochepa zimene muli nazo ziikeni pa mafizo a tsiku ndi tsiku. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, ndipo zipatala zikuluzikulu zili ndi a mafizo amene angakuphunzitseni zochita kunyumba. Phewa lofookalo musalikoke powadzutsa, limaguluka. BP ikhale pansi pa 130/80, mankhwala osadumphitsa, mchere usapitirire magalamu 5 patsiku. Ayezetse shuga ndi HIV. Asipirini amwe pokhapokha sikani itaonetsa kuti mtsempha unatsekeka, osati kuphulika.