Kwa achemwali a ku care home: za maluwa a mapepala a nyengo ya spring

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati manijala wakupatsani ntchito yokongoletsa khoma la ku lounge ndi mapepala pamodzi ndi ma resident poti spring yayandikira, ndalama wakupatsani zochepa, agogo ambiri pamenepo ali ndi dementia, matenda a ubongo oiwalitsa zinthu, ndipo inu ku England kuno mwangofika kumene moti mukusowa pogwira. Ntchito yomweyi ndi imene ndimadyera, ndiye ndikuuzani mmene ine ndikanachitira.

Musathamangire kusitolo. Yambani mwakhala pansi ndi eni ake nyengoyo n'kuwafunsa. Ife amene tinakulira kwathu, daffodil ndi duwa lachikasu basi. Koma munthu amene wakhala zaka 85 m'dziko lomwe mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, akaona timitu tachikasuto tikutuluka m'mbali mwa msewu, mtima wake umachita zimene wathu umachita tikamva fungo la dothi pa mvula yoyamba. Afunseni kuti kumunda kwawo ankabzala chiyani, mbalame iti ankaidikira, pa Isitala amayi awo ankawavalika chiyani. Wina adzakuuzani za mbatata zimene bambo ake ankabzala pa Lachisanu Loyera, wina za ana a nkhosa ku famu, wina za chipewa chomwe anachikongoletsa ali mtsikana. Agogo amene sakumbuka chimene adya m'mawa amatha kukufotokozerani munda wa mu 1955 mzere ndi mzere. Zimene akuuzanizo ndi zimene zipite pakhomapo.

Ndikunena izi chifukwa cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti khoma limatha kuoneka ngati la sukulu ya mkaka: akalulu a maso aakulu, anapiye akumwetulira, zilembo za utawaleza. Amenewa ndi anthu aakulu. Pali amene anali aphunzitsi, anamwino, oyendetsa sitima. Dementia siichotsa manyazi, ndipo bambo amene wakana kukhala patebulo nthawi zambiri si kuti ndi wovuta, waona kuti mukumutenga ngati mwana. Kwathu simungawapatse agogo makrayoni n'kuwauza kuti "mwakhoza". Kunonso musatero. Ine ndimati, "Ndikufuna thandizo, manja anga sakukwanira." Munthu wopemphedwa thandizo amabwera.

Chimene ndingakulangizeni kupanga ndi mtengo umodzi waukulu umene uzisintha mpaka Meyi. Thunthu ndi nthambi mudule pa pepala lofiirira lokulungira katundu, mumate pakhoma ulibe masamba. Kenako sabata ndi sabata muziwonjezera zimene zikuoneka pawindo. Mu Marichi, ma daffodil pansi pake. Mu Epulo, maluwa a pinki a cherry m'nthambi ndi ma tulip pansi. Chakumapeto kwa Epulo kulowa Meyi, ma bluebell ndi masamba obiriwira. Ubwino wake ndi wakuti simugula zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo kwa munthu amene masiku amusokonekera, khomalo limamuuza kuti chaka chafika pati. Masiku ake muwadziwe: 1 Marichi ndi tsiku la St David, woyera mtima wa ku Wales, ndipo ngati muli ndi agogo a ku Wales, daffodil ndi duwa la kwawo. Lamlungu lomaliza la Marichi mawotchi amapita patsogolo ndi ola limodzi. Isitala imasuntha, imagwa pakati pa 22 Marichi ndi 25 Epulo. Mothering Sunday, tsiku lokumbukira amayi, ndi Lamlungu lachinayi la Lenti, koma pamenepa pondani mosamala: ena ana awo anamwalira, ena ana alipo koma sabwera. Yang'anani kaye mu care plan, chikalata cha chisamaliro cha munthu aliyense.

Daffodil savuta. Ali ndi masamba a duwa asanu ndi limodzi ndi kalipenga pakati. Masambawo mudule nokha usiku wake pa khadi lachikasu, aakulu ngati chikhatho. Kalipengako tengani timapepala tophikira ma cupcake, tatikasu kapena ta olenji, mumate pakati, kamaima kokha. Ena amagwiritsa ntchito makatoni a mazira, koma ma home ena salola makatoni ogwiritsidwa kale ntchito chifukwa cha majeremusi, ndiye funsani. Maluwa a cherry ndiye ndimawakonda kwambiri: tissue paper ya pinki ndi yoyera, munthu ang'ambe, afwanyize m'dzanja, adine pa guluu. Palibe kukhoza kapena kulakwa. Ndinaonapo mayi wina amene zala zake zinapindika ndi nyamakazi moti supuni saigwira bwino, akufwanyiza kapepalako ndi chikhatho patebulo, pang'onopang'ono, kenako n'kukakankhira kwa mnzake kuti amate. Anapanga mulu wonse osanena mawu. Wina wa sitiroko, dzanja limodzi lokha likugwira ntchito, ndinkangomugwirira pepala ndi tepi patebulo kuti lisaterereke, iye n'kumapaka guluu. Amene safuna kugwira chilichonse musamukakamize, mupatseni udindo wolozera poika: "Ili lipite pati, bwana?" Ameneyo nayenso wagwira ntchito.

Abambo ambiri maluwa sawasangalatsa kwenikweni. Apatseni mbalame, robin kapena blackbird, kapena zithunzi za ndiwo zamasamba za m'mabuku otsatsa mbewu kuti akonze "munda" pansi pa mtengowo.

Zogula n'zochepa: khadi, tissue paper, guluu wa PVA kapena Pritt, ndi tepi. Ku The Works, Poundland kapena B&M muzipeza. Masizasi afunseni ngati pa home pali aja okhala ndi chogwirira chopindika chomwe chimadzitsegukira chokha, amathandiza a nyamakazi. Muziwawerenga potulutsa ndi pobweza.

Tsono nkhani ya maso, imene ambiri saiganizira. Diso likamakalamba limafuna kuwala kochuluka, ndipo galasi la m'kati mwake limayamba chikasu, moti buluu wotuwa ndi wobiriwira wotuwa amaoneka ngati mtundu umodzi. Makoma ambiri a m'ma home ndi otuwa kale. Mukaika duwa lachikasu chotuwa pa khoma lotero, inu mudzaliona, agogo ayi. Ikani pepala la buluu wakuda kapena lobiriwira kwambiri kumbuyo kuti chikasucho chituluke. A ku Dementia Services Development Centre pa University of Stirling akhala akuphunzitsa zimenezi kwa zaka zambiri: mitundu yosiyana bwino, zinthu zosanyezimira, zosapanikizana. Choncho glitter ndi mapepala onyezimira asiyeni. Lamineti nayo imathwanima ikawombedwa ndi getsi. Njuchi ndi agulugufe ting'onoting'ono tambirimbiri musatiike, chifukwa kwa ena, makamaka a dementia ya Lewy body amene amaona zinthu zomwe palibe, timasanduka tizilombo toyenda pakhoma. Zolendewera kudenga nazo madzulo zimaponya zithunzithunzi zogwedezeka. Ndipo musanamate, khalani pa mpando wa mu lounge kapena pa wheelchair muone. Ife timamata titaimirira, n'kuiwala kuti owonerawo amakhala pansi tsiku lonse.

Za moto musazitenge mwachibwana. Pepala ndi nkhuni. Ku England ndi ku Wales lamulo la Regulatory Reform (Fire Safety) Order la 2005 limafuna kuti pa home pakhale munthu woyankha za chitetezo cha moto, ndipo ameneyo ndi amene akuuzeni pololedwa. Musamate pa fire door (chitseko chotchinga moto), pafupi ndi smoke detector (kachipangizo kolira kukakhala utsi), pamwamba pa radiator (chotenthetsera m'chipinda), kapena kuphimba chikwangwani chotulukira. M'makolido momwe anthu angathawire ndi momwe amakhwimitsa kwambiri. Kufunsa musanayambe n'kwabwino kuposa kuuzidwa kuti muchotse agogo atatha kale ntchito.

China ndi pakamwa. Dementia ikafika patali, kanthu kalikonse kakang'ono kamatha kulowa m'kamwa: mabatani, timipira ta ubweya, timazira tapulasitiki, ngakhale Blu Tack womatira mapepala pakhoma, amene amaoneka ngati chingamu. Mapini ayi. Ngati mukufuna kubweretsa ma daffodil enieni kuti aone ndi kununkhiza, n'zabwino ndithu, koma musawasiye patebulo. Ndi poizoni, makamaka anyezi wake wa pansi. Mu 2015 a Public Health England analembera masitolo akuluakulu kuti asamawaike pafupi ndi ndiwo zamasamba chifukwa anthu ankawadya poganiza kuti ndi chakudya. Ngati anthu a bwinobwino ankasokonezeka, kuli bwanji agogo athuwa. Tissue paper nayo ikanyowa imasuluka, ndiye makapu a tiyi akhale patali, kuopa kudaya bulauzi ya mwini.

Nthawi yabwino ndi m'mawa cha m'ma 10:30 kapena 11, atasamba, atamwa mankhwala. Madzulo ambiri amabalalika mtima. Anthu anayi kapena asanu patebulo akwanira, mphindi 20 kapena 30, TV itazimitsidwa. Wina akadzuka pakati, musiyeni apite. Ndipo chonde, duwa likatuluka lopindika musaliwongole shifiti ikatha. Achibale akabwera amasaka la amayi awo, osati lokongola. Dzina loyamba mungalembe pambali ngati mwini wavomera.

Mukamaliza lembani mu daily notes kuti ndani anachita chiyani, anasangalala kapena anakana. A CQC, bungwe loyendera ma care home ku England, akabwera amafuna kuona kuti zochitika zikugwirizana ndi munthu aliyense payekha, ndipo manijala wanu adzakuthokozani. Zithunzi za agogowa pa foni yanu musajambule, ngakhale zoti mutitumizire m'gulu muno kapena pa Facebook. Anthu ntchito zawathera pa zimenezo, ndipo kwa amene ali pa viza ya sponsorship mukudziwa nokha kulemera kwake. Jambulani khoma lokha, ndi chilolezo.

Isitala ikadutsa, zokongoletsa za Isitala monga mazira ndi zipewa zichoke sabata yomweyo, apo ayi agogo azidzafunsa mu Juni kuti Isitala ndi liti. Mtengo wokhawo ukhale, muzingousintha masamba. Zimene mwachotsazo mufunse eni ake ngati akuzifuna kuchipinda kwawo musanaziponye m'bini.