Phokoso la attenuator m'pulogalamu ya kompyuta

FUNSO: Akonzi, ndimakonza ziwiya za wailesi ku Kapata muno mu Chipata. Ndikayesa attenuator (chiwiya chochepetsa mphamvu ya siginolo) ya 3 dB m'pulogalamu ya kompyuta, noise figure (muyeso wa phokoso limene chiwiya chimawonjezera pa siginolo) imapitirira pang'ono 3 dB. Kodi chalakwika n'chiyani?

YANKHO: Bambo, yambani mwaona kutentha kumene pulogalamuyo ikuwerengera. Chiwiya chosafuna magetsi, monga attenuator, fyuluta kapena waya wa coaxial, chimakhala ndi noise figure yofanana ndi mphamvu imene chimataya pokhapokha chikakhala pa 290 K, ndiye kuti pafupifupi 17 °C, komanso mbali zonse ziwiri zikagwirizana ndi 50 ohm. Mapulogalamu a SPICE, oyesera ziwiya zamagetsi pa kompyuta, amayambira pa 27 °C, choncho ma resistor amatulutsa phokoso lochulukirapo, ndipo 3 dB ija imafika pafupifupi 3.07 dB. Ikani 290 K, nambalayo ibwerera m'malo mwake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi waya wautali wochokera ku eriyo wodutsa pa malata otentha mu Okutobala. Katswiri wa za wailesi Harald Friis anasonyeza mu 1944 kuti gawo loyamba ndilo limalamulira phokoso la ziwiya zonse, motero phokoso lobwera chifukwa cha mphamvu yotayika m'wayawo siginolo isanafike pa amplifier (chiwiya chokweza mphamvu ya siginolo) simungalichotsenso kutsogolo. Mangani amplifier pafupi ndi eriyo, ndipo poyesa m'pulogalamu musaiwale kuikamo wayawo ndi kutalika kwake kwenikweni.